Mmene Mungasankhire Waya Woyenera pa Magetsi a Sola ndi a M'nyumba

Waya wamagetsi amayenera kuyankha mafunso awiri asanagulidwe, ndipo onse awiri amayankhidwa ndi masamu amene munthu angathe kuchita ndi pensulo, pepala ndi kakyuleta ya pafoni. Funso loyamba ndi lakuti kodi wayayo anyamula magetsi amene adutsemo popanda kutentha mopitirira muyezo. Lachiwiri ndi lakuti kodi mphamvu imene yachoka ku batire kapena ku soketi ikafika yokwanira kumene ikukagwira ntchito. Anthu ambiri amene amadziikira okha magetsi a sola amangoganizira funso loyambalo, ndipo akagwira waya n'kupeza kuti sakutentha amakhulupirira kuti zonse zili bwino, kenako n'kumadabwa kuti mababu akuwala mwachizimezime kapena wailesi ya kanema ikuzima yokha batire lili lodzaza. Mlandu umagwera batire kapena amene anagulitsa panelo, pamene nthawi zambiri wolakwa ndi waya woonda amene wayenda mtunda wautali.

Zinthu zitatu zimene masamu onse atsamirapo

Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pamalo amodzi a waya pa sekondi iliyonse, ndipo imayezedwa m'maampeya, dzina lochokera kwa katswiri wa ku France, André-Marie Ampère. Ampeya imodzi ndi maelekitironi pafupifupi 6.24 × 10¹⁸ odutsa pamalopo pa sekondi. Voteji ndi mphamvu imene imakankha maelekitironiwo, ndipo imayezedwa m'mavoti: batire la sola la masiku onse limapereka mavoti 12, pamene soketi ya magetsi a ESCOM imapereka mavoti 230. Rezisitansi ndi kukaniza kwa waya kapena chipangizo kuti karenti isadutse momasuka, ndipo imayezedwa mu ohm. Georg Simon Ohm wa ku Germany anasonyeza mu 1827 kuti zitatuzi n'zomangika pamodzi motere: V = I × R, kutanthauza kuti voteji imene ikugwa pa chinthu ndi karenti yodutsamo kuchulukitsa ndi rezisitansi yake.

Pali malamulo ena awiri oyenera kuwalemba pamwamba pa pepala lanu. Mphamvu imene chipangizo chimadya, yoyezedwa m'mawati, ndi P = V × I. Mphamvu imene imasanduka kutentha mkati mwa waya ndi I × I × R. Lamulo lachiwirili ndi limene limapweteka anthu, chifukwa karenti imabwera kawiri m'kuchulukitsako: mukawirikiza karenti kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo mukaiwirikiza kakhumi, kutentha kumawirikiza ka 100. N'chifukwa chake magetsi opangidwa ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire amakwezedwa kaye kufika pa mavoti 66,000 kapena 132,000 asanayambe ulendo wautali, kuti mphamvu yochuluka iyende ndi karenti yochepa. Nyumba ya sola ya mavoti 12 ili mbali ina ya nkhani yomweyo: voteji ndi yochepa, choncho ngakhale chipangizo chaching'ono chimafuna karenti yochuluka.

Karenti imayenda pokhapokha njira yake ikhale yozungulira, yochoka ku batire, kudutsa m'chipangizo n'kubwereranso ku batire. Zinthu zikalumikizidwa mondondozana, china pambuyo pa chinzake, karenti imakhala imodzimodzi ponseponse ndipo marezisitansi ake amaphatikizidwa. Waya wopita, chipangizo ndi waya wobwerera zimalumikizana chomwechi, motero voteji ya batire imagawika pakati pa zitatuzo, ndipo gawo lililonse limene waya watenga ndi gawo limene chipangizo chamanidwa. Zipangizo zikalumikizidwa moyandikana, chilichonse ndi nthambi yakeyake, zonse zimalandira voteji yofanana koma makarenti ake amaphatikizidwa pa waya wamkulu amene akuzidyetsa.

Yambani ndi kupeza karenti

Tembenuzani chipangizo chilichonse ndi kuwerenga mawati olembedwa kumbuyo kapena pansi pake, kenako gawani mawatiwo ndi voteji ya magetsi anu. Wailesi ya kanema ya mawati 60 pa batire la mavoti 12 imakoka maampeya 5, pamene mawati 60 omwewo pa mavoti 230 amangofuna maampeya 0.26. Ketulo ya mawati 2,000 pa mavoti 230 imakoka maampeya 8.7. Mukaika manambala awiriwa pafupi mudzaona kuti kawailesi ka pa batire kakukoka kupitirira theka la karenti ya ketulo yowiritsa madzi, ndipo ichi ndi chinthu chimene maso sangakuuzeni. Ngati waya mmodzi adyetse zipangizo zingapo, phatikizani makarenti a zonse zimene zingayake nthawi imodzi. Pa zipangizo za mota, monga furiji ndi pampu ya madzi, kumbukirani kuti pa kamphindi koyambira zimakoka karenti yowirikiza kangapo kuposa yolembedwayo.

Mayeso oyamba: kuthithikana kwa karenti ndi kutentha

Kukula kwa waya sikuyezedwa ndi mmene akuonekera kunja ndi pulasitiki yake, koma ndi kukula kwa nkhope ya chitsulo chamkati mukachidula mopingasa, ndipo kumalembedwa mu mm². Miyezo yogulitsidwa ndi 1.0, 1.5, 2.5, 4, 6, 10, 16, 25, 35 ndi kupitirira. Mukagawa karenti ndi kukula kumeneku mumapeza kuthithikana kwa karenti, J = I ÷ A. Ng'ombe makumi awiri zotuluka m'khola pa mphindi imodzi zimadutsa bwinobwino pachipata chachikulu, koma nambala yomweyo pa nthawi yomweyo pakakhomo kakang'ono imakhulana ndi kuthyola mitengo. Maampeya 10 mu waya wa 2.5 mm² ndi maampeya 4 pa mm² iliyonse, pamene maampeya 10 omwewo mu waya wa 0.5 mm² ndi maampeya 20 pa mm² iliyonse, ndipo waya wachiwiriyu amafewetsa pulasitiki yake. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale pa maampeya 4 pa mm², maelekitironi mu kopa amangosuntha pafupifupi mamilimita 0.3 pa sekondi, kapena kuti mita imodzi pa ola. Babu limayaka nthawi yomweyo mukadina swichi chifukwa waya ndi wodzaza kale ndi maelekitironi ndipo kukankhako kumafika kumapeto mwaliwiro loyandikira la kuwala.

Anthu ena amaloweza nambala imodzi, monga maampeya 6 pa mm², n'kumaigwiritsa ntchito pa waya aliyense, koma njira imeneyi imasocheretsa pa mawaya akuluakulu. Kutentha kumabadwira m'chitsulo chonse koma kumatulukira pakhungu pokha, ndipo waya akamanenepa chitsulo chimachuluka mofulumira kuposa khungu lake. Matebulo a malamulo a mawaya a ku Britain, a BS 7671, amasonyeza zimenezi bwino. Pa mawaya awiri a kopa okutidwa ndi PVC, oikidwa m'payipi pakhoma pamene mpweya uli pa madigiri 30, waya wa 1.5 mm² amaloledwa maampeya 17.5, wa 2.5 mm² maampeya 24, wa 4 mm² maampeya 32, wa 6 mm² maampeya 41, wa 10 mm² maampeya 57, wa 16 mm² maampeya 76, wa 25 mm² maampeya 101, ndipo wa 35 mm² maampeya 125. Mukagawa mudzapeza kuti waya wa 1.5 mm² akunyamula maampeya oposa 11 pa mm² iliyonse, wa 10 mm² osakwana 6, ndipo wa 35 mm² osakwana 4.

Malire onsewa akuchokera ku pulasitiki osati ku kopa, pakuti PVC ya masiku onse siyenera kupitirira madigiri 70, ndipo ikakhalitsa pamwamba pa muyezo umenewu imauma, kung'aluka n'kusiya chitsulo pamtunda. Choncho malo amene waya adutse ndi ofunika mofanana ndi kukula kwake. Pamene mpweya wozungulira uli pa madigiri 40, nambala ya m'tebulo ichulukitsidwe ndi 0.87, ndipo pa madigiri 50 ichulukitsidwe ndi 0.71. Aliyense amene anakwerapo pakati pa malata ndi siling'i masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko si kwa madigiri 30, ndipo waya wa 2.5 mm² amene amanyamula maampeya 24 pakhoma lozizira ayenera kuwerengedwa ngati wa maampeya 17 pamalo otentha madigiri 50. Mawaya ambiri opanikizana m'payipi imodzi amatenthetsana, ndipo ekisitenshoni yosiyidwa chikulungire imasunga kutentha kwake mkati, motero iyenera kutambasulidwa yonse musanalumikizeko ketulo, simbi kapena mbaula yamagetsi.

Mayeso achiwiri: rezisitansi ndi kutalika kwa waya

Rezisitansi ya waya imadalira zinthu zitatu: mtundu wa chitsulo, kutalika ndi kunenepa. Lamulo lake ndi R = ρ × L ÷ A, pamene L ndi kutalika m'mamita, A ndi kukula mu mm², ndipo ρ ndi nambala ya chitsulocho. Ya kopa ndi 0.0172 pa madigiri 20, ya aluminiyamu ndi pafupifupi 0.028, ndipo ya chitsulo chamba cha waya womangira mpanda ndi 0.1 kapena kuposerapo. Popeza rezisitansi ya kopa imakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo waya wogwira ntchito kuno sakhala pa madigiri 20, ndi bwino kugwiritsa ntchito 0.018 pa masamu a tsiku ndi tsiku. Cholakwika chofala kwambiri pano ndi kuiwala kuti karenti imapita n'kubwerera, choncho chipangizo chimene chili mamita 10 kuchokera pa batire chili ndi waya wa mamita 20.

Titenge wailesi ya kanema ija ya maampeya 5, yoikidwa mamita 10 kuchokera pa batire la mavoti 12, ndipo tiyese waya wa 1.5 mm². Pa mayeso oyamba wayayu apambana mosavuta, chifukwa maampeya 5 ali kutali ndi malire a 17.5, ndipo mukamugwira sangamveke kutentha. Rezisitansi yake ndi 0.018 × 20 ÷ 1.5, imene ndi 0.24 ohm. Voteji yotayika ndi 5 × 0.24, imene ndi mavoti 1.2, gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yonse ya batire. Batire likakhala pa mavoti 12.6 madzulo, wailesi ilandira 11.4 n'kumagwira ntchito, koma usiku batire likatsika kufika pa 12.0 wailesi ilandira 10.8 yokha, ndipo zipangizo zambiri pamenepo zimayamba kuzimazima. Kuwonjezera apo, mawati 6 akuthera kufunditsa khoma, mphamvu yokwanira kuyatsa babu lina la LED usiku wonse. Waya yemweyo, kutalika komweko ndi karenti yomweyo pa mavoti 230 akanatayanso mavoti 1.2, koma kumeneko ndi theka la peresenti imodzi, limene palibe angalizindikire. Apa m'pamene pagona chifukwa chimene waya wabwinobwino wa nyale za m'nyumba ya ESCOM amakhumudwitsira akaikidwa pa sola.

Muyezo umene amisiri ambiri amatsatira ndi wakuti voteji yotayika isapitirire 3 peresenti, imene pa mavoti 12 ndi mavoti 0.36 ndipo pa mavoti 24 ndi 0.72. M'malo moyesa waya mmodzimmodzi, tembenuzani lamulolo kuti likupatseni kukula kofunika: A = 0.018 × L × I ÷ voteji yololedwa kutayika. Pa chitsanzo chathu, 0.018 × 20 × 5 ÷ 0.36 ikupereka 5 mm², ndipo popeza muyezo umenewu sugulitsidwa, mukwere kufika pa 6 mm². Nthawi zonse kwerani, musatsike. Waya wa 6 mm² ndi wodula, ndipo munthu wanzeru asanapite kusitolo amayamba wayang'ana ngati batire lingasunthidwe. Batire likayandikira kufika pa mamita 4 kuchokera pa wailesi, L imakhala 8, yankho limakhala 2 mm², ndipo waya wa 2.5 mm² amakwanira. M'maganizo anga, kusankha bwino malo a batire ndi kontirola (chida choyang'anira mmene panelo likudzazira batire), pakatikati pa nyumba pamalo opita mphepo ndi pafupi ndi chipangizo chokoka karenti yochuluka, kumapulumutsa ndalama zambiri kuposa kunenerera mtengo wa waya kumsika.

Pa waya wochoka ku panelo kupita ku kontirola masamu ndi omwewo, koma manambala atengedwe pa chikwangwani cha kumbuyo kwa panelo. Panelo la mawati 150 lopangidwira batire la mavoti 12 limapereka pafupifupi maampeya 8 pa mavoti 18, ndipo 3 peresenti ya 18 ndi 0.54. Ngati pali mamita 6 kuchokera padenga, 0.018 × 12 × 8 ÷ 0.54 ikupereka 3.2, choncho wofunika ndi waya wa 4 mm². Gawo la padzuwa likhale la waya wopangidwira sola, amene khungu lake silifumbutuka ndi dzuwa, kapena libisidwe m'payipi.

Pamene mayeso awiriwa asemphana

Pa waya wautali wa karenti yochepa, mayeso achiwiri ndiwo amalamula. Pa waya wamfupi wa karenti yochuluka zinthu zimatembenuka, ndipo chitsanzo chake ndi waya wa pakati pa batire ndi inveta, chida chosandutsa magetsi a batire kukhala a mavoti 230 onga a ESCOM. Inveta ya mawati 1,000 imatayanso mphamvu ina mkati mwake, ndipo ngati ikupereka magawo 90 pa 100 a zimene yalandira, imakoka 1,000 ÷ 0.9 ÷ 12, amene ndi maampeya pafupifupi 93. Ikakhala mita imodzi ndi theka kuchokera pa batire, L ndi 3, ndipo 0.018 × 3 × 93 ÷ 0.36 ikupereka 14 mm², kutanthauza kuti waya wa 16 mm² akanakwanira tikanangoyang'ana voteji. Koma waya wa 16 mm² amaloledwa maampeya 76 okha, choncho walephera mayeso oyamba. Wa 25 mm² amaloledwa 101, koma batire likatsika kufika pa mavoti 11 inveta imakoka maampeya 101 omwewo kuti isunge mawati ake, motero wa 25 mm² ali pamalire enieni ndipo wa 35 mm² ndiye wopatsa mtendere. Lamulo lake ndi lakuti muchite mayeso onse awiri n'kutenga waya wamkulu mwa mayankho awiriwo.

Manambala amenewa akusonyezanso chifukwa chimene nyumba yofuna mawati 1,000 kapena kuposerapo iyenera kuchoka pa mavoti 12. Mabatire awiri ofanana olumikizidwa mondondozana amapereka mavoti 24, ndipo inveta ya mavoti 24 ya mawati omwewo imakoka maampeya 46, amene waya wa 10 mm² amanyamula popanda vuto.

Tsimikizani kuti waya ndi amene walembedwayo

Masamu onsewa ndi achabe ngati waya wolembedwa 2.5 mm² ali ndi chitsulo cha 1.5 mm² chobisika m'pulasitiki yokhuthala, ndipo mawaya otere amapezeka m'misika. Waya wa chitsulo chimodzi mungamuyeze popanda chida chodula: sendani pulasitiki, kulungani chitsulocho maulendo 20 mothinana pa pensulo, yezani kutalika kwa mkulungowo ndi rula, ndipo gawani ndi 20 kuti mupeze kukhuthala kwake, d. Kukula ndi A = 0.785 × d × d. Waya weniweni wa 2.5 mm² ndi wokhuthala mamilimita 1.78, choncho mizere 20 imakwana pafupifupi mamilimita 36, pamene wa 1.5 mm² ndi wa mamilimita 1.38 ndipo mizere yake 20 imathera pa mamilimita 28. Pa waya wa timawaya tambirimbiri, yezani kawaya kamodzi, pezani kukula kwake, ndipo chulukitsani ndi chiwerengero cha timawayato. Waya wofewa wa 2.5 mm² kawirikawiri amakhala ndi timawaya 50 ta mamilimita 0.25, ndipo wa 1.5 mm² amakhala ndi 30.

Chinyengo china ndi cha waya wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Palani chitsulocho ndi mpeni kapena yang'anani pamene mwadula: kopa weniweni ndi wofiirira mpaka mkati, pamene wopakidwayo amaonetsa kuyera. Ngati maginito akukoka wayayo, ndiye kuti mkati muli chitsulo chamba, ndipo ameneyu ndi woipa kuposa onse. Kulemera kumaululanso, pakuti kopa wa m'mpukutu wa mamita 100 wa 2.5 mm² amalemera makilogalamu oposa 2.2 pulasitiki isanawerengedwe, pamene aluminiyamu wa kukula komweko sakwana magalamu 700. Amene ali ndi multimeter, mita yoyezera voteji, karenti ndi rezisitansi, angathe kuyeza mpukutu wonse kuyambira nsonga ina kufika ina: mamita 100 a kopa wa 2.5 mm² amapereka pafupifupi 0.7 ohm, ndipo a 1.5 mm² pafupifupi 1.2 ohm. Aluminiyamu payekha si woletsedwa, ndipo mawaya a pamitengo ya magetsi ambiri ndi a aluminiyamu, koma amafuna kukula kowirikiza ka 1.6 kuti afanane ndi kopa, amathyoka msanga akapindidwapindidwa, ndipo akalumikizidwa mwachindunji ndi kopa pamalo a chinyezi mfundoyo imadyeka.

Mfundo zolumikizira ndi fyuzi

Moto wambiri wa magetsi suyambira pakati pa waya koma pamfundo. Mawaya opotokoledwa ndi zala n'kukulungidwa ndi tepi, sikuluwu yomasuka pa soketi, kapena kachipanira ka batire kochita dzimbiri, zonsezi zimachepetsa malo amene zitsulo zikukhudzana, motero karenti yonse imathithikana pa kadontho kakang'ono. Mfundo ya 0.05 ohm yokha, karenti ya maampeya 20 ikamadutsapo, imataya voti imodzi ndipo imatulutsa mawati 20 a kutentha pamalo aang'ono kuposa chikhadabo. Kutenthako kumawonjezera dzimbiri, dzimbiri limawonjezera rezisitansi, ndipo vutolo limadzikulitsa lokha mpaka pulasitiki itayaka. Gwiritsani ntchito zolumikizira za sikuluwu kapena malagi (timphete tachitsulo tovekedwa kunsonga ya waya) ofinyidwa ndi chida chake, musadule timawaya tina kuti waya alowe pabowo, palani mitu ya batire mpaka iwale, ndipo patapita milungu ingapo bwererani kukamanganso masikuluwu onse magetsi atazimitsidwa.

Fyuzi ndi kawaya kopangidwa dala kuti karenti ithithikane kwambiri mmenemo ndipo kawayako kasungunuke waya wamkulu asanatenthe, choncho ntchito yake yoyamba ndi kuteteza waya. Muyezo wake ukhale pamwamba pa karenti ya chipangizo koma pansi pa malire a waya: pa wailesi ya maampeya 5, fyuzi ya 7.5 kapena 10 ndi yoyenera. Iikidwe pa waya wofiira, wa mbali ya +, pafupi kwambiri ndi batire, chifukwa gawo lililonse la pakati pa batire ndi fyuzi ndi losatetezedwa, ndipo batire la asidi likagundanitsidwa mitu limatulutsa maampeya mazanamazana, okwanira kufiiritsa waya m'masekondi ochepa. Paliponse pamene waya wamkulu wagawikira ku woonda pafunika fyuzi ina yolingana ndi woondayo. Mapulagi a mano atatu amene timagwiritsa ntchito m'Malawi ali ndi fyuzi mkati, kawirikawiri ya maampeya 3, 5 kapena 13, ndipo nyale ya patebulo ya waya woonda siyenera kukhala ndi ya 13. Fyuzi ikapsa, pezani chimene chaipsereza. Kuikapo msomali, waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumasamutsira malo osungunukawo ku waya wa kudenga. Mabuleka opangidwira magetsi a ESCOM asaikidwe pa batire kapena panelo pokhapokha atalembedwa kuti ndi a DC, mtundu wa karenti ya batire ndi panelo, chifukwa moto wothetheka wa karenti ya batire ndi wovuta kuuzimitsa.

Kuyeza ntchito itatha

Multimeter yotsika mtengo ndi yokwanira kutsimikiza masamu anu. Poyeza voteji, nsonga ziwirizo zimakhudza mbali ziwiri za chinthu choyezedwacho, dera, kapena kuti njira yozungulira ya karenti, lili chilumikizire. Poyeza karenti, dera limadulidwa ndipo mita imalowa mumzere kuti karenti yonse idutse mwa iyo, chingwe chofiira chitasamutsidwira pabowo lolembedwa 10A. Musakhudzitse mita yotcheredwa pa maampeya ku mitu iwiri ya batire kapena m'soketi, chifukwa pamenepo mita imakhala ngati waya wamba ndipo imapsa. Ndi chizolowezi chabwino kubwezera chingwe pabowo la mavoti mukangomaliza. Rezisitansi imayezedwa pokhapokha magetsi atachotsedwa, ndipo musanayeze waya gundanitsani nsonga ziwiri za mita kuti muone rezisitansi ya zingwe zake, n'kuichotsera pa yankho lanu.

Rezisitansi ya waya wamfupi ndi yaing'ono kwambiri moti mita wamba siyiwerenga molondola, choncho njira yodalirika ndi kuyeza voteji yotayika chipangizo chili choyaka. Yatsani zonse zimene wayayo amadyetsa, yezani voteji pa mitu ya batire, kenako yezani pa chipangizo chimene chili kutali kwambiri. Kusiyana kwa manambala awiriwo kusapitirire mavoti 0.4 pa dera la mavoti 12. Kuyeza zipangizo zili zozima sikuthandiza kanthu, pakuti popanda karenti palibe voteji yotayika, ndipo ngakhale waya woonda ngati ulusi amasonyeza mavoti 12 athunthu. Mukapeza kusiyana kwakukulu kuposa kumene masamu analosera, funani mfundo yoipa poika nsonga za mita mbali ziwiri za mfundo iliyonse, swichi iliyonse ndi chogwirira fyuzi: mfundo yabwino imasonyeza nambala yoyandikira ziro, ndipo imene ikusonyeza mavoti 0.1 kapena kuposerapo iyenera kumasulidwa, kupalidwa ndi kumangidwanso. Zipangizo zikayaka kwa theka la ola, yendetsani dzanja pa mawaya a mavoti 12 ndi pamfundo zake. Kufunda pang'ono n'kololedwa, koma pamene dzanja silingakhalitsepo pali vuto lofunika kukonzedwa tsiku lomwelo.

Zoyeza ndi dzanja zimenezi ndi za mbali ya batire yokha. Kutsogolo kwa inveta kuli mavoti 230 ofanana ndi a ESCOM, ndipo karenti ya magawo ochepa chabe a ampeya imodzi ikadutsa pachifuwa imatha kuimitsa mtima, n'chifukwa chake chida chodula magetsi akamathawira pansi chimatcheredwa pa maampeya 0.03. Masamu a kukula kwa waya mungawachite nokha ndi kuwagwiritsa ntchito poona ngati katundu amene mmisiri walemba ndi woyenera, koma kuika mawaya a mavoti 230 m'nyumba, kulumikiza waya wa kunthaka ndi kumangirira inveta ku bokosi la mabuleka ndi ntchito ya mmisiri amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'Malawi.